Mudzi wathu ndi wa Angoni kapena wa Achewa? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Domwe

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Angónia. Akuti:

"Ndimakhala m'mudzi waung'ono kufupi ndi phiri la Domwe. A nyakwawa athu andipempha kuti ndilembe mbiri ya mudzi wathu kuti ana a sukulu aziwerenga. Nditayamba kufunsa akuluakulu ndapeza kuti sakugwirizana. A banja la a nyakwawa akuti mudzi ndi wa Angoni, anaukhazikitsa ndi nduna ya Chikuse. Banja lina, eni dambwe, akuti makolo awo anali pano kale Angoni asanafike. Pali mabanja awiri amene anthu amawatcha Achikunda, ndiponso ena amene anabwera nkhondo itatha. Tonse timayankhula Chichewa, Chingoni chinangotsala m'nyimbo za ngoma. Bambo anga ndi a Ngozo, mayi anga ndi a Nabanda. Kodi ndilembe kuti ndife ayani? Ndikuopa kuyambanitsa anthu."

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Akuluakulu a kwanuwo sakunama, ndipo sanaiwale. Pa zaka zimene ndakhala ndikufunsa mbiri m'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, zimene mwakumana nazozi ndazimva kambirimbiri. Kawirikawiri mbali zonse ziwiri zimakhala zikunena zoona, koma aliyense akunena za nyengo yake. A dambwe akunena za amene anayamba kulima dothilo. A nyakwawa akunena za amene anamanga mudzi umene ulipo lerowu ndi kuupatsa dzina. Mudzi wa kwathu kuno uli ngati gombe la mtsinje limene madzi agumula: pamwamba dothi lakuda, pansi pake katondo, pansi penipeni miyala, ndipo palibe anganene kuti gombelo ndi dothi lakuda lokha. Ntchito yanu ndi kuonetsa ana zonsezo motsatana kwake.

Tiyambe ndi akale. Achewa eniake amavomereza kuti anapeza Akafula, anthu osaka nyama, amene amatchulidwa pa nkhani ya zojambula zofiira za m'mapanga monga za ku Chongoni pafupi ndi Dedza. Za iwo lembani mwachidule, chifukwa simupeza banja lotha kukuwerengerani makolo mpaka kumeneko. Kenako ndi Amaravi, a mfunda wa Banda, Phiri, Mwale, Mbewe, Nkhoma ndi ena. Kalonga anali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, ndipo Undi atapatukana naye anakakhazikitsa likulu lake ku Mano, cha ku mtsinje wa Kapoche, m'chigawo chathu chino cha Tete. Ambiri amaiwala kuti Gawa Undi, amene anthu amakamulambira ku Mkaika ku Zambia mwezi wa Ogasiti, ufumu wake unakhala kuno zaka mazana, ndipo unasamukira kutsidyako m'zaka za m'ma 1930 chabe. Mvula ankakapempha ku Msinja kwa Makewana, m'mphepete mwa mapiri a Dzalanyama. Mpwitikizi wina, Gamitto, pochoka ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831, anadutsa m'midzi ya Amaravi ndi Achewa kumpoto kwa Zambezi ndipo analemba za anthu olima, oyenga chitsulo ndi oluka nsalu za thonje. Choncho eni dambwe akamati makolo awo analipo Angoni asanafike, akunena chinthu chogwirizana ndi mbiri ya dera lonse. Chofunika kufufuza ndi chakuti analidi pamalo pomwepo kapena patsidya pa dambo, kapena kuseri kwa phiri.

Tsopano Angoni, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pagona funso lanu. Angoni a kwathu kuno ndi a Maseko, osiyana ndi a Jere a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linada, amene zidzukulu zawo ndi a M'mbelwa ndi a Mpezeni. A Maseko anachokera dera limene lero ndi Eswatini, pothawa nkhondo za nthawi ya Shaka m'zaka za m'ma 1820. Anadutsa m'maiko a Akaranga ndi Andau, nawoloka Zambezi paokha m'zaka za m'ma 1830, ndipo ali ndi mfumu yawo Mputa anakhalako ku Domwe kwanuko. Sanakhalitse. Anapitirira ulendo, nazungulira kum'mawa kwa nyanja mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mputa anaphedwa komweko, ndipo m'bale wake Chidyaonga ndiye anabwerera ndi anthu, nakhazikikanso ku Domwe cha m'ma 1870. Atamwalira Chidyaonga ufumu unapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa, amene analamulira mpaka 1891. Ngati a nyakwawa anu akuti mudzi unayamba ndi nduna ya Chikuse, ndiye kuti akunena za zaka za pakati pa kumapeto kwa m'ma 1870 ndi 1891. Mwapeza kale msomali umodzi wokolekapo mbiri yanu.

Koma taganizirani za gulu limene linabwerera kuchokera ku Songea. Ochokera kwenikweni kumwera, a mifunda monga Maseko, Nzunga, Phungwako, Ngwenya ndi Ngozo wa bambo anuyo, anali ochepa. Unyinji unali wa anthu amene analowa m'gululo m'njira: Akaranga, Andau, Amatengo a ku Songea, ndipo makamaka Antumba, anthu a chiyankhulo chathu chomwechi amene anatengedwa kuno pa ulendo woyamba, napita nawo kumpoto, nabwerera nawonso. Angoni ankakula potenga anthu. Mnyamata wogwidwa ku nkhondo ankaleredwa m'nyumba ya nduna, nkupatsidwa chishango ndi nthungo, ndipo akaonetsa chamuna ankatha kukwera mpaka kukhala nduna iye mwini. Mtsikana wogwidwa ankakwatiwa, ana ake nkukhala Angoni. Ana amenewo ankayamwa bere la mayi woyankhula Chichewa, ndipo ndi mmene Chingoni chinathera m'nyumba nkutsalira m'nyimbo, m'mayamiko ndi m'maina. Pofika nthawi ya Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, chinali chitayamba kale kuchepa. Choncho kusayankhula Chingoni sikuchotsa Ungoni wa munthu, ndiponso kukhala ndi mfunda wa Phiri kapena Mbewe sikutsimikiza kuti makolo ake sanamenye nawo nkhondo za Chikuse. Ungoni wa masiku amenewo unali kukhala pansi pa inkosi, kuvina ngoma yake ndi kunyamula chishango chake. Magazi anali mbali imodzi chabe.

Nanga dambwe likutani m'mudzi wa nduna? Mafumu a Chingoni sankaufuna gule wamkulu m'midzi mwawo. Achewa amene anakana kugonja anamanga malinga kapena kukwera m'mapiri, ena anagonja nkumapereka mitulo ya chimanga ndi makasu, nasiyidwa pa malo awo. Mphamvu ya Angoni itasweka, gule anabwerera poyera, ndipo m'malo ambiri ana a Angoni omwe anayamba kulowa. Ndiye dambwe la kwanu likhoza kukhala ndi mbiri zitatu zosiyana. Mwina eni ake sanachokepo, nduna inangodzamanga pambali pawo. Mwina anathawira kuphiri nkubwerera kumabwinja awo patapita zaka makumi awiri kapena atatu, nkupeza pali mudzi wina. Mwinanso anabwera pambuyo ndi ukwati, nkudzapempha mzinda, womwe ndi chilolezo chokhala ndi dambwe ndi bwalo la gule. Funso lotsegula nkhaniyi ndi ili: mzinda wa kwanu anaupereka ndi mfumu iti, ndipo anaulandira ndi ndani? Mzinda sungoyamba wokha, umachokera kwa mfumu ina yaikulu, ndipo akuluakulu a dambwe ndi anamkungwi amakumbukira bwino kumene unachokera. Funsoli mukhoza kufunsa poyera, si chinsinsi.

Chikuse atamwalira panabuka nkhondo pakati pa mwana wake Gomani ndi Kachindamoto wa nyumba ya Chidyaonga, amene anakakhazikika ku Mtakataka. Midzi yambiri inasamuka m'zaka zimenezo. Chaka chomwecho cha 1891, pa 11 Juni, Angerezi ndi Apwitikizi anasayinirana pangano logawana dziko, ndipo malire anadula dziko la a Maseko pakati. Ndi chifukwa chake lero mseu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu, cha ku Lizulu, mbali ina ndi Malawi mbali ina ndi Mozambique, pamene anthu a mbali zonse ndi a mbumba imodzi. Gomani anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Ufumu unagawikana: nyumba ya Gomani kutsidya, nyumba ya Zintambira kuno. Chibale sichinathe ayi. Mu 1953, pamene Philip Gomani ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anathawira kuno ku Angónia, ngakhale Apwitikizi anamubweza m'manja mwa Angerezi. Ndikunena izi kuti musadabwe mbiri ya mudzi wanu ikamakutengerani ku Dedza kapena ku Ntcheu. Pitani, theka la nkhani yanu likhoza kukhala komweko.

Za nthawi ya Apwitikizi pali msampha umodzi umene ndimachenjeza aliyense. Atsamunda ankafuna munthu woti azitolera msonkho wa nyumba ndi kupereka amuna a chibalo, ndiye ankalemba m'mabuku mwawo mafumu amene iwo awavomereza, nkuwatcha ma régulo, ena pansi pawo. Nthawi zina ankalemba mwini weniweni, nthawi zina ankalemba wodziwa Chipwitikizi pang'ono kapena amene anatumidwa ndi anzake kukaonekera kwa mzungu chifukwa mwini wake ankaopa. Timidzi ting'onoting'ono tinkaphatikizidwa pansi pa dzina limodzi. Choncho mukadzapeza pepala lakale lonena kuti mudzi wakuti unayamba chaka chakuti, dziwani kuti chimenecho chingakhale chaka chimene unalembedwa m'buku la msonkho. Nthawi yomweyo mabanja ambiri anawolokera ku Nyasaland pothawa chibalo ndi mbamatola, thabwa lokwapulira m'manja, ya asupayi, apolisi a Apwitikizi, amuna ena anapita ku mafamu a Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ena osabwerera. Mabanja ena amene mukuwaona ochepa lero anali aakulu kale. Mipingo nayo inasuntha anthu. Ajezuwiti anatsegula Lifidzi chaka cha 1910 chisanakwane, a Dutch Reformed anatsegula Mphatso mu 1909 koma Apwitikizi anawatsekera mu 1922, ndipo Fonte Boa inabwera mu 1945. Aphunzitsi ndi akatekisi ankatumizidwa m'midzi ya eni, nkukwatira komweko. Banja lina m'mudzi mwanu likhoza kukhala kuti linayamba chotero.

Mabanja awiri otchedwa Achikunda aja muwafunse mofatsa. Achikunda poyamba sanali mtundu wobadwa nawo. Anali asilikali, alenje a njovu, amtengatenga ndi opalasa ngalawa a eni maprazo, minda ikuluikulu ya nthawi ya Apwitikizi m'chigwa cha Zambezi, osonkhanitsidwa kuchokera ku mitundu yambiri, Achewa ndi Ansenga omwe, ndipo pambuyo pake anasanduka gulu lokhala ndi dzina lake ndi kayankhulidwe kake. Kumadzulo kwanu kunali ufumu wa Makanga wa banja la Caetano Pereira, umene unadalira Achikunda mpaka unagwa mu 1902, ndipo anthu ake anabalalika. Ena anafika kumapiri kuno ngati asupayi a boma kapena amalonda. Koma ndaonanso kuti anthu a kumtunda amakonda kutcha Mchikunda aliyense wochokera kuchigwa woyankhula Chinyungwe, ngakhale anabwera dzana kudzagwira ntchito. Musalembe dzina limene anzawo amawatcha musanamve limene iwo amadzitcha.

Za posachedwapa mukuzidziwa kuposa ine pa mudzi wanuwo, koma zilembeni, chifukwa ana a sukulu a lero anabadwa zitatha. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975 boma linachotsa mafumu pa udindo nkuika masekeretale, anthu ena anasonkhanitsidwa m'midzi ya pamodzi, ndipo munda waukulu wa boma wa CAIA unakoka antchito ochokera kutali. Nkhondo ya pachiweniweni itafika kuno pakati pa zaka za m'ma 1980, midzi yathunthu inathawira ku Malawi, dziko limene linasunga anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri a kwathu kuno akukhala pakati pa abale awo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere unasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anabwerera makamaka mu 1993 ndi 1994. Koma amene anabwerera si onse amene anapita, ndipo si onse anabwerera pa bwinja lawo. Ena anadza ndi akazi kapena amuna a kutsidya, ena anatsata mnzawo wa kothawa nkhondo, asilikali ena otsitsidwa anakhazikika kumene nkhondo inawathera. Mafumu anavomerezedwanso ndi boma ndi lamulo la nambala 15 la chaka cha 2000, ndipo mikangano ingapo ya unyakwawa imene ilipo lero inayambira pa funso lakuti avale yunifolomu ndi ndani. Anthu amene mukuti anabwera nkhondo itatha akhala nanu zaka zoposa 30, aika maliro awo m'manda anu, ana awo ndi amene muli nawo m'kalasi. Mbiri yowasiya kunja, kapena yowalemba ngati alendo, idzapweteka ana amenewo.

Nanga inuyo ndinu yani? Pa mwambo wa Chingoni mwana ndi wa bambo, makamaka ngati malowolo anaperekedwa, ndiye ndinu Mngoni wa kwa Ngozo. Pa mwambo wa Chichewa mwana ndi wa mbumba ya mayi ndipo mwini wake ndi malume, ndiye ndinu Mchewa. Mbali zonse ziwiri zili ndi chifukwa chokuitanirani, ndipo sindiona chokukakamizani kukana imodzi. Mufunsenso kuti Ubanda wa mayi anuwo anautenga kwa bambo awo kapena kwa mayi awo, chifukwa kale Achewa ankatsata mfunda wa kuchikazi, koma m'madera amene munakhala Angoni anthu anazolowera kutchulana ndi wa kuchimuna. Dzina limodzi lokha likhoza kukusokeretsani. Kalembera wa boma la Mozambique amafunsa chiyankhulo chimene munthu anayamwira, ndipo kwathu kuno pafupifupi aliyense amalembedwa Chinyanja, choncho manambala ake sangakuuzeni kuti Angoni ndi angati, Achewa ndi angati. Musayesenso kuwerenga nokha khomo ndi khomo kuti mupeze maperesenti. Munthu yemweyo adzakuuzani kuti ndi Mngoni pa tsiku la ngoma, nadzakhala Mchewa pa tsiku la chinamwali cha mwana wa mlongo wake, ndipo masiku onse awiri akunena zoona.

Malangizo anga ndi akuti musalembe chiganizo chonena kuti mudzi uno ndi wa mtundu wakuti. Lembani banja ndi banja: linachokera kuti, linafika nthawi ya nyakwawa uti, analilandira ndi ndani, linapatsidwa malo ati, linakwatirana ndi ayani. Ndipo pofunsa musayambe ndi "ndinu mtundu wanji", chifukwa funso limenelo limabweretsa yankho la pamsonkhano. Funsani kuti agogo awo anaikidwa manda ati, bwinja lawo lili pati, chitsime ankatunga kuti, ng'ombe zoyamba zinachokera kwa yani. Yang'ananinso zochitika. Nyakwawa akamwalira amalowa ndi mwana wake kapena mwana wa mlongo wake? Lembani mndandanda wa a nyakwawa onse ndi ubale wa aliyense kwa amene anamulowa m'malo. M'midzi yambiri mudzaona ufumu ukuyenda kuchimuna kwa mibadwo iwiri kenako nkukhotera kuchikazi, ndipo pamene wakhoterapo pamakhala nkhani yofunika kuimva. Maukwati ambiri ndi a chikamwini, a chitengwa kapena a malowolo? Zinali choncho nthawi ya agogo? Pa maliro amayankhula ndi a kuchimuna kapena eni mbumba? Khola la mudzi wakale linali pakati pa nyumba, monga ankamangira Angoni, kapena kumbali? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzakuonetseni mmene miyambo iwiriyi inalukirana pa mudzi wanu, mosiyana ndi mudzi woyandikana nawo.

Amayi achikulire muwapatse nthawi yaikulu. Amuna amadziwa nkhondo ndi maina a mafumu, koma amayi ndiwo amasunga za amene anabala yani, amene anali mkazi wamkulu, amene anabwera ali pamsana. Muwafunse paokha, pakhonde pawo, popanda a nyakwawa kapena akulu a mpingo pafupi, ndipo mupite kawiri kapena katatu chifukwa tsiku loyamba munthu amakuyesani kaye. Ngati avomera, jambulani mawu pa foni, ndipo muzilemba tsiku ndi dzina la amene wanena. Zaka sadzakuuzani, koma adzakuuzani kuti zinachitika nthawi ya fuluwenza, ndiye 1918, kapena nthawi ya njala ya 1949, kapena chilala cha 1992. Pamene palibe chokolekapo, werengani mibadwo, m'badwo uliwonse zaka 25 mpaka 30, ndipo mulembe kuti "cha m'ma", osaika chaka chenicheni. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a ku parishi amathandiza kwambiri chifukwa amatchula makolo ndi mudzi. Kapempheni mwaulemu, podziwa kuti ena anawonongeka pa nkhondo.

Mantha anu oyambanitsa anthu ndi oyenera, ndipo pali zinthu zimene ndikupemphani kuti muzisamale kwambiri. Choyamba ndi ukapolo. Mukamafunsa mozama wina adzakunong'onezani kuti agogo a banja lakuti anagwidwa ku nkhondo, kapena anaperekedwa polipira mlandu, kapena anagulidwa ndi chimanga nthawi ya njala. Mwina ndi zoona. Koma mawu amenewo akalowa m'kabuku ka sukulu, mwana wa banja limenelo adzatukwanidwa nawo pa bwalo la mpira, ndipo tsiku lina adzagwiritsidwa ntchito pomulanda munda. Lembani kuti Angoni ankatenga anthu ndi kuti ambiri a ife tinachokera kwa otengedwawo, pakuti zimenezo ndi zoona ndipo ana ayenera kuzidziwa, koma musaloze banja. Chachiwiri ndi za kudambwe. Gule wamkulu anavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma kutchuka kumeneko sikupatsa munthu chilolezo cholemba zobisika. Kaya munalowa kaya simunalowe, lembani zokhazo zimene zimaonekera pa bwalo ndi zimene eni ake akulolani. Za nkhondo ya zaka 16 nazonso, amene anali mbali iyi ndi amene anali mbali inayo akukhalira limodzi, ena akwatirana. Lembani za kuthawa, za njala, za kubwerera ndi kumanganso, koma maina a amene anachita zoipa asalowe m'kabuku ka ana.

Palinso ichi, chimene ndikunena mwaulemu wonse kwa a nyakwawa anu. Iwo ndiwo akutumani, ndipo mwachibadwa adzayembekezera kuona banja lawo patsogolo. Auzeni ntchito isanapite patali kuti mudzalemba mawu a mabanja onse, ndi kuti pamene akulu asiyana mudzalemba kuti a banja ili akuti chakuti, a banja ilo akuti chakuti, osagamula. Pemphani kuti pakhale kagulu kokuthandizani: mmodzi wa kwa a nyakwawa, mmodzi wa eni dambwe, namkungwi, wa mpingo, ndi mmodzi wa mabanja obwera pambuyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ngati iyi kaguluko kadzakutetezani inunso, amene mudzakhalabe m'mudzimo kabukuko katatuluka. Mukamaliza kulemba, kawerengeni mokweza pa bwalo anthu onse ali pomwepo, mulole akonze, kenako ndiye mupereke kusukulu.

Pali pamene muyenera kuima ndi kupereka nkhani kwa ena. Mukaona kuti anthu ayamba kukufunsani kuti mulembe malire a minda, kapena wina akufuna kope la zolemba zanu kuti akaonetse pa mlandu, dziwani kuti ntchito yasanduka ina. Lamulo la malo la 1997 limavomereza kukhala pa malo mwa mwambo, limavomerezanso amene walima malo mwachilungamo kwa zaka 10, ndipo limalola umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi. Choncho kufika koyamba kwa makolo a wina sikuchotsa ufulu wa amene anapatsidwa malo mu 1994. Milandu yotere ipite kwa mafumu, kwa mkulu wa lokalidade, ku khoti la m'mudzi, ku ofesi yoona za ulimi ndi malo ku Ulongwe, ndipo wosowa ndalama ya loya akhoza kupita ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Ukakhala mkangano wa unyakwawa, usiyireni mbumba, nduna ndi mafumu aakulu. Mphunzitsi asakhale mboni ya mbali imodzi. Ndipo wokalamba akayamba kulira kapena kunjenjemera pokumbukira za nkhondo, zimitsani foni, khalani naye, mudziwitse a pabanja pake, ndipo ngati kusowa tulo ndi mantha zikupitirira amuperekeze kuchipatala.

Pofuna zolembedwa zakale, yambani ndi ofesi ya ARPAC ku Tete, imene ntchito yake ndi kufufuza za chikhalidwe. Malipoti a olamulira achitsamunda, amene nthawi zambiri amatchula maina a mafumu ndi midzi yawo, amasungidwa ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, ndipo mukhoza kuyamba ndi kuwalembera kalata. Za mbali ya Gomani ndi za anthu owoloka malire zili ku nkhokwe ya zakale ya dziko la Malawi ku Zomba. Kufupi kwambiri ndi inu ndi ku Mua, kumene malo a Kungoni anasonkhanitsa zambiri za Achewa ndi Angoni, ndiponso mwambo wa Umhlangano wa a Maseko ku Ntcheu, kumene mungakumane ndi akulu odziwa mayamiko a mifunda ndi maina a nduna za Chikuse. Kumeneko n'kumene mungayesere ngati dzina la nduna imene a nyakwawa akuitchula likudziwika kwa ena.

Yambani chilimwe chino, anthu atakolola ndipo mbatata ya kachewere ya kudimba isanawatangwanitse, ndipo muyambire kwa okalamba kwambiri. Mukamaliza mndandanda wa a nyakwawa ndi ubale wawo, komanso mukamva kumene mzinda unachokera, nditumizireni ziwirizo. Tidzaziika pambali pa zaka za Chidyaonga, Chikuse ndi Gomani, ndipo tidzaona ngati nduna ija inapeza eni dambwe ali pomwepo kapena iwo anabwerera nkuipeza.